Chimene Mfumu Yayatsa

Kuseri kwa mapiri amene sapezeka pa mapu alionse kuli dziko lotchedwa Manjanja, ndipo ife eni ake timadziwika ndi luso limodzi lokha, kuomba m'manja. Mayiko ena ali ndi golide, ena mafuta apansi pa nthaka, ife tili ndi zikhatho zolimba. Mwana wa ku Manjanja amaphunzira kuomba asanaphunzire kufunsa chimene akuombera, ndipo ambiri a ife takalamba tisanafike pa phunziro lachiwirilo.

Mfumu yathu dzina lake lenileni tinaliiwala. Monong'ona timaitchula kuti Sindinathe, chifukwa ndiwo mawu amene imanena ikaona munthu wasuzumira dzuwa pa msonkhano. Si mfumu yankhanza ayi. Siinamenyepo munthu. Imangoyankhula basi, ndipo amene anaimvapo amadziwa kuti nkhanza zina sizifuna chikoti.

Kwathu kuno mvula yoyamba ikagwa kumabwera nthenda imene timaitcha chitenthe. Imakonda ana. Thupi limatentha ngati mbaula, mwana amasiya kuyamwa, kenako amasiya kulira. Makolo athu ankaigonjetsa ndi khungwa lowawa la mtengo wa mzimamoto, umene unali ponseponse m'mapiri. Lero kulibe ngakhale umodzi, koma mukafunsa mudzaona kuti palibe amene anaupha. Aliyense wa ife ankangosenda pang'ono pokha, ka mwana. Mtengo womaliza unali pabwalo la nyumba yachifumu, ndipo unadulidwa kuti akalipentala apangire Mfumu gome loyankhulirapo pa Tsiku Losamala Mitengo. Tinaomba m'manja kwambiri tsiku limenelo, pakuti gomelo linali lokongoladi.

Akalipentala ali kalikiliki kuyeza thunthu, mayi wina anali kutola timphukira pa nthambi zotayidwa. Anali Mayi Nankwenya, katswiri wa zomera, amene mwana wawo mmodzi yekhayo, Tisungeni, anapita ndi chitenthe chaka chimene khungwa linasowa pamsika. Timphukirato anatitsuka ndi mankhwala opha tizilombo n'kutiika m'mabotolo otsekedwa bwino, pa chakudya chonga phala lolimba. M'botolo mtengo sumera ngati kuthengo. Ulibe mizu, ulibe nthambi, ulibe mthunzi. Umangotupa n'kukhala kambulu kofewa, ndipo ukadula kambuluko n'kukagawa m'mabotolo ena, kamapitiriza kukula. Lamulo lake ndi limodzi: botolo lisatsegulidwe pamphepo, chifukwa chuku chikangolowa, zonse zathera pomwepo. Motero mzimamoto yense wa dziko la Manjanja anatsala m'mabotolo a mayi mmodzi, m'kanyumba ka kafukufuku kuseri kwa chipatala.

Vuto linali lakuti mtengo wa m'botolo ndi waulesi. Kuthengo mzimamoto unkapanga mankhwala ake podziteteza ku dzuwa, ku mbozi ndi kwa ife. M'botolo unkangodya shuga wopanda choopa, ndiye mankhwala unkapanga ochepa kwambiri, osakwana kupoza ngakhale khanda. Mayi Nankwenya ankadziwa chochita. Timibuluto tinkafunika kutiopseza ndi cheza, chonga chija amaunikira nacho mafupa kuchipatala. Ukatiwalitsa kanthawi kochepa, kongokwana anthu awiri kupatsana moni panjira, timadzidzimuka n'kuyamba kupanga mankhwala mowirikiza. Ukapitiriza, timapsa n'kufa.

Makina a chezacho analipo. Mafumu a dziko loyandikana nafe anatipatsa, mwina chifukwa chotopa ndi kutipepesa maliro. Koma ku Manjanja chinthu chatsopano sichigwira ntchito Mfumu isanachitsegulire, kaya ndi mlatho, kaya ndi mjigo, kaya ndi chimbudzi cha pa sukulu. Choncho makinawo anakhala m'bokosi mpaka chiswe chinayamba kulawa bokosilo.

Mitambo itayamba kusonkhana, Mayi Nankwenya anapita kubwalo la nduna, nagwada, nafotokoza zonse.

"Ndiye kuti chinthu chikaopsezedwa chimagwira ntchito bwino?" inafunsa Mfumu, maso atawala.

"Pang'ono pokha, Mwinidziko. Mukapyola muyeso chimafa."

"Zimenezo ine ndinazidziwa kalekale," inatero Mfumu, poti inamva chigawo choyamba chokha. Nduna zinaomba m'manja, ndipo zinagamula kuti makina atsegulidwe Loweruka likudzalo.

Apa m'pamene analowerera a Gwadani, Nduna ya Mwambo ndi Maondo, munthu waukhondo amene mathalauza ake onse amatha pamaondo malo ena akadali atsopano. Anafika kukanyumba ka kafukufuku kudzakonza mwambo, ndipo anamvetsera modekha pamene mayi aja ankawaonetsa makinawo. Anali ngati kabati yachitsulo. Umaika mabotolo m'kati, kutseka chitseko, kudina batani, ndipo nthawi ikakwana kawotchi kake kamalira n'kuzimitsa cheza.

"Kuzimitsa?" anafunsa a Gwadani. "Ndani akuzimitsa?"

"Amazima okha, bambo."

"Mwinidziko akuyankhula?"

"Makina sadziwa kuti kunja kuli msonkhano."

"Ndiye ndi makina amwano. Mayi, inu munakhalitsa kusukulu, mwina mwambo munauiwala. Chimene Mfumu yayatsa palibe amene amazimitsa mpaka itamaliza mawu ake. Ndipo Mfumu ikamayankhula palibe amene amaimirira. Kodi mukufuna alendo akanene kwawo kuti ku Manjanja ngakhale zitsulo zimadula Mfumu pakamwa?"

Pomwepo anaitana mmisiri kuti achotse kawotchiko. Mayi Nankwenya anapempha kuti m'makinamo aikemo mabotolo opanda kanthu tsiku la mwambolo, a Gwadani n'kuyankha kuti Mfumu siyatsira mphepo. Anapempha kuti Mfumu iyambe yayankhula kenako iyatse, a Gwadani n'kunena kuti makolo sanachitepo choncho, ngakhale makolowo analibe makina. Mayi aja mutu unaima.

Kenako anakumbuka chinthu chimodzi chimene sichinagwiritsepo munthu mwala m'dziko lino. Magetsi a ku Manjanja amabwera ngati mlendo wothamangira basi. Amangosuzumira pakhomo, kupereka moni, n'kumapita. Mfumu ikanayatsa makina, magetsi akanazima okha mwa masiku onse, ndipo mlandu sukanakhala wa munthu. Kuti mtima ukhale m'malo anapita kwa a Kandulo, Nduna ya Magetsi, amene anawapeza akuwerenga nyuzipepala pafupi ndi zenera.

"Bambo, ndabwera kudzafunsa za Loweruka."

"Musade nkhawa, mayi. Loweruka sadzaphethira ngakhale kamodzi. Ndalamula kale."

"Ayi, ine ndimati ndipemphe kuti adzazime monga achitira masiku onse."

A Kandulo anapinda nyuzipepala, nayang'ana kuchitseko ngati pali amene wamva. "Mayi, masiku onse amazima okha, umenewo ndi mkhalidwe wa dziko. Koma kuwazimitsa dala n'kuukira boma. Ine sindinamve zimene mwanenazi."

Kutatsala tsiku limodzi, a Gwadani anabweranso kudzachita chimene ife timachitcha kusesa maso a Mfumu. Mwambo umenewu ngwakale. Kulikonse kumene Mfumu ikupita, miyala ya m'mbali mwa msewu imapakidwa laimu, ndipo chilichonse chosaoneka bwino chimatengedwa n'kukasungidwa kuseri kwa msika wa Tingotero mpaka Mfumu itabwerera: mipando yothyoka, agalu owonda, opemphapempha, ndi aliyense amene zovala zake zinasuluka. Motero Mfumu yathu imakhulupirira ndi mtima wonse kuti ikulamulira dziko la anthu onenepa ndi miyala yoyera. A Gwadani anayenda pakati pa mabotolo akusankha. Timibulu toyera, tonenepa, anati tilowe m'makina. Tina tinali tofiirira, tokwinyika ngati mbatata yoiwalika m'nkhokwe, ndipo timeneto anati tipite kuseri kwa msika.

Mayi Nankwenya sanatsutse. Kunena zoona, mtima unagwako pansi pang'ono. Anamanga mabotolo onyozekawo m'katoni, nalemba pamwamba kuti musatsegule, naiwala kuti ife timawerenga mawu otero ngati kuitana.

Loweruka linafika. Mfumu inadula riboni, inalowa m'kanyumba kaja, inadina batani, makina n'kuyamba kung'ung'udza. Kenako inatuluka, inaima pa gome lija la mzimamoto, n'kutsegula pakamwa. Inayamba ndi kuthokoza amene abwera, aliyense ndi udindo wake. Inapitiriza ndi kuthokoza amene sanabwere. Mayi Nankwenya anali pa mphasa kutsogolo pamodzi ndi amayi a kwaya ya kunyumba yachifumu, maso ali pa babu limene linali pamwamba pa chitseko. Babulo linkangoyakabe.

Kumsika wa Tingotero anthu anasokonezeka. Wometa tsitsi anameta mutu wathunthu kuyambira kutsogolo mpaka kunkhongo makina osaima, ndipo mwini mutuyo anadziyang'ana pagalasi n'kudandaula kuti akuoneka ngati mlendo.

"Magetsiwa akudwala?" anafunsa mayi wina wogulitsa zibwente, dzina lake Nachanza, amene anali ndi mwana kumbuyo.

"Sakudwala asisi, akumvera nawo Mwinidziko," anayankha wometa uja. "Sangachoke mawu asanathe."

Onse anaseka, nakweza wailesi. Pa wailesipo Mfumu inali itafika pa nkhani ya mabotolo. Inalengeza kuti mwa nzeru zake mzimamoto wauka kwa akufa, kuti tsopano ukukhala m'mabotolo, ndipo kuti chitenthe chiyambe kulongedza katundu. Anthu a pamsika anayang'anana. Kenako, mmodzimmodzi, anayang'ana kuseri kwa msika, kumene dzulo lake anaona katoni ya mabotolo ikutsitsidwa pamodzi ndi mipando yothyoka.

Kubwalo kuja Mfumu inanena kuti "pomaliza," ndipo ife amene tinalipo tinaomba m'manja ndi mphamvu zonse chifukwa cha chiyembekezo. Kumeneko n'kumene timalakwitsa nthawi zonse. Mfumu ikamva kuomba kotero imaganiza kuti tikupempha zina, ndiye imabwerera kukayambira pa agogo ake. Komanso tisaname, tonse tinkadziwa zimene zinkachitika m'makina muja. Nkhani ya kawotchi inali itazungulira mzinda wonse. Tinkaomba tikuyang'ana babu lomwelo.

Mayi Nankwenya anaona kuti magetsi awataya. Kuimirira kunali koletsedwa, koma palibe lamulo loletsa kuyenda chogwada, pakuti ndiwo ulemu waukulu koposa m'dziko lino. Choncho ananyamuka pa maondo, akuomba m'manja mwaulemu, n'kuyamba kukwawira kuchitseko cha kanyumba kaja. Anali atatsimikiza mtima kuti akazimitsa, zandende adzaziona pambuyo.

Amayi a kwaya anawaona. Iwo kugwada ndiyo ntchito yawo, ndiye sakanalola kuti mayi wa m'mabotolo awapose ulemu Mfumu ikuona. Mtsogoleri wawo anayambitsa nyimbo, onse n'kugwa pa maondo kulondola. Akazi a nduna anati ife titsalirenji. A Gwadani, misozi yachimwemwe ili m'maso, anagwetsa ndodo yawo nalowa pamzere, ndipo poti anali katswiri anapitirira onse. Posakhalitsa bwalo lonse linali kukwawa, kulunjika kuchitseko chimene palibe ankadziwa chifukwa chopitirako. Chitsekocho n'chopapatiza. Anthu anapanikizana pamenepo ngati mbuzi pakhomo la khola, nyimbo ili pakamwa, ndipo Mayi Nankwenya anatsekerezedwa pakati, dzanja litatambasukira batani limene ankaliona koma osalifikira.

Mfumu inakhudzidwa mtima kwambiri poona chikondi chotere. Inapukuta maso n'kunena kuti, poti anthu ake aonetsa njala ya mawu ake, iwonjezerako pang'ono.

Dzuwa litapendeka inati zotsalazo idzanena ulendo wina, n'kukwera galimoto. Galimoto yomaliza itangokhota pa ngodya, magetsi anazima. Mayi Nankwenya anatsegula kabati ija. Timibulu toyera tija tinali titada bii, ndipo sanafunike kuunika kuti adziwe kuti tafa tonse. Sanalire. Anavula nsapato n'kuthamangira kumsika.

Kuseri kwa msika anapeza ife. Katoni inali yong'ambika, mabotolo ali mbwee pansi, zivindikiro kwina, ntchentche zikulowa n'kutuluka mwaufulu. Palibe amene anaba. Aliyense anangotsina pang'ono pokha, ka mwana, ndipo ena anali ndi ulemu wobwezera chivindikiro atatsina. Mayi aja ankatola botolo, kuliyang'ana, kuliika pansi, kutola lina. Ife tinkayang'ana zala za kumapazi.

Botolo limodzi lokha linali lisanatsegulidwe. Linali m'manja mwa Nachanza, mayi wa zibwente uja, amene ankalimbana ndi chivindikiro chothina. Mwana wa kumbuyo kwake mutu unali utapendekera pambali, milomo itauma.

"Achemwali, chonde musatsegule," anatero Mayi Nankwenya. Anagwada pa fumbi, ndipo aka kanali koyamba tsiku limenelo kuti munthu agwade pa chifukwa chomveka.

"Mayi, mwanayu wayamba kutentha dzana. Anzanga onse atenga, ine ndekha ndiye ndisatenge?"

"Zimene atengazo sizipoza munthu. Sindikunamizani. Kambuluko pakali pano mankhwala ake ngochepa, ngakhale mwana adye konse sikamuthandiza. Koma ndi kokhako katsala m'dziko lonse lino. Mukatsegula kafa. Mukandipatsa ndikagawa, kachuluke, chaka chamawa ana apeze mankhwala enieni."

"Chaka chamawa," anatero Nachanza, akugwedeza mwana uja pang'onopang'ono. "Inu anthu ophunzira mumachikonda chaka chamawa. Uyu chaka chamawa adzakhala ali kuti?"

"Sindikudziwa, achemwali. Tiyeni naye kuchipatala tsopano lino, akayese zimene angathe. Koma sindingakulonjezeni."

"Muli ndi mwana inu?"

"Ndinali naye. Dzina lake Tisungeni. Ndinazungulira msika uno ndi iye kumbuyo, ngati inu, kufunafuna khungwa. Aliyense anali atasenda pang'ono pokha."

Nachanza anasiya kulimbana ndi chivindikiro chija. Anayang'ana kambulu konyansa kaja, anayang'ana mabotolo otseguka pansi, anayang'ananso ife. Kenako anapukuta botololo ndi nsonga ya chitenje chake n'kulipereka ndi manja awiri. Zikhatho zathu zinayabwa, koma kamodzi kokhako tinachita manyazi, ndipo palibe anaomba.

Zotsatira zake n'zochititsa manyazi kuzifotokoza, koma ndi mmene zinayendera. Makina aja sanazimitsidwe mpaka lero, pakuti bwalo la nduna linagamula kuti mawu a Mfumu sanathe, anangoimitsidwa. Kawotchi sanabwezeretse. Ndiye Mayi Nankwenya, atagawa kambulu kaja mpaka mashelefu kudzaza, anapeza njira ya chi Manjanja. Amaika mabotolo m'kabati magetsi atazima, kutseka chitseko, n'kukhala pampando kudikira. Magetsi amabwera, amapereka moni, amapita. Muyeso wake umakhala wokwana ndendende. Chimene amaonetsetsa n'chakuti tsiku limenelo Mfumu isakhale ndi ulendo wa kufupi, ndipo popemphera amapempha kuti a Kandulo akhalitse pa udindo.

Mvula yotsatira isanagwe, mankhwala a mzimamoto anafika m'zipatala. Chitenthe chinabwera monga mwa nthawi zonse, koma chaka chimenecho akalipentala anadandaula kuti timabokosi tating'ono sitikuyenda malonda. Bwalo la nduna linagamula kuti pakhale mwambo waukulu wothokoza Mfumu chifukwa cha nzeru zake, a Gwadani chifukwa cha dongosolo, ndi a Kandulo chifukwa cha magetsi. Mayi Nankwenya anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti Nachanza adzakhale pa mpando wakutsogolo. A Gwadani anavomera, ndipo anapita okha kukamuona. Atabwerako ananena mwachisoni kuti mayiyo ngwaulemu ndithu, koma chitenje chake n'chosuluka.

Choncho pa tsiku la mwambolo miyala inapakidwa laimu, Mfumu inaima pa gome lake lokongola, ndipo Nachanza anakhala kuseri kwa msika pakati pa mipando yothyoka ndi agalu owonda, akumvera pa wailesi ya wometa tsitsi. Chitenje chosulukacho anachimanga m'chiuno, poti mwana uja chitenthe chinamutenga, kumbuyo kunalibenso womuberekera. Mpando wa Mayi Nankwenya kubwalo unali wopanda munthu, pakuti iwo anali atakhala pambali pa Nachanza, pa katoni.

Mfumu itanena kuti "pomaliza," ife tinaomba m'manja.